Kapangidwe ka chitoliro cha kadzidzi chomveka patali

Chitoliro cha kadzidzi kuti chingolira si nkhani yovuta ayi, olo botolo lopanda kanthu mukaliuzira pakamwa limachita huuu. Pomwe ambirife timagwa mpakuti chikulira inde koma chikungomveka kwa iwe mwini ndi amene waima naye pafupi, ukati uwonjezere mphamvu chimasintha mawu nkuyamba kulira tswiii ngati wezulo ya mpira, pena chimangotulutsa mpweya fooo basi. Ine changa choyamba ndinachimata guluu tsiku lomwelo ndisanachiyese panja, mnyumba chimamveka ngati chilombo koma nditatuluka nacho munthu amene anali pa mtunda wa mamita 50 anati amayesa ndi njiwa. Ndinachitaya chifukwa panalibenso posuntha.

Nde apa tipanga chomwe zidutswa zake zonse zimasuntha mpaka mutakhutira. Voliyumu ya chitoliro ili pa malo atatu ang'onoang'ono: kanjira kodutsa mpweya, zenera, ndi mlomo umene umang'amba mpweyawo pawiri. Mapapo anu amabwera pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Paipi ya PVC ya madzi ya 32 mm, yatsopano, yotalika 40 cm. Yomwe inagwirapo ntchito ya madzi oyipa ayi, paja chinthuchi chikupita kukamwa.
- Kamtengo kobulungira, kouma komanso kolimba, kokwana bwino mkati mwa paipiyo. Mkatimo mumakhala cha m'ma 28 mm kutengera kukhuthala kwa paipi, yezani yanuyo.
- Sowo yodulira zitsulo, ya mano ang'onoang'ono.
- Tupa yafulati yaing'ono, yosaposa 12 mm m'lifupi.
- Mpeni wakuthwa.
- Sandipepa wokhakhala wa 120 ndi wosalala wa 400.
- Dirilo ndi mabiti a 4 mm, 6 mm ndi 8 mm.
- Rula ndi pensulo.
- Tepi yoyera ija yokulunga pa mazinga a mapaipi, ndi kachidutswa ka chubu cha njinga.
- Kandulo kapena phula.
- Khadi lapulasitiki lotha ntchito.
- Foni yokhala ndi apu yotchunira gitala yomwe imaonetsa ma Hz (nambala ikakwera mawu ndi opyapyala, ikatsika ndi besi), ndi ina yoyeza phokoso mu ma dB (muyeso wa mphamvu ya phokoso).

Mukafuna nsungwi mmalo mwa paipi zimathekanso, mfundo yake imatseka kumbuyo yokha ndipo mawu ake ndi okoma, koma musayambe nayo. Mkati mwa nsungwi simukhala mobulungira ndendende nde mpweya umathawa mmbali, komanso ikauma imang'aluka. Phunzirani pa paipi kaye.

Mayina a zidutswa kuti tisasokonezane

Thupi ndi paipi yaitaliyo. Chitsekero chakutsogolo ndi kamtengo kolowa kukamwa, chakumbuyo ndi kotseka kumapeto. Jekete ndi kapaipi kakafupi kong'ambidwa komwe kamavala kunja kwa thupi. Kanjira ndi mpata wopyapyala pakati pa jekete ndi chitsekero chakutsogolo. Zenera ndi bowo lomwe limatsala poyera, mlomo ndi mphepete yakuthwa ya zenera yomwe yayang'anizana ndi kanjira. Mimba ndi malo onse opanda kanthu kuchokera pa zenera kukafika pa chitsekero chakumbuyo.

China, ndikati mawu aakulu ndikunena besi, ndikati mawu aang'ono ndikunena opyapyala. Voliyumu ndi nkhani ina, ndi mphamvu yomvekera patali. Anthu amasakaniza ziwirizi nkumatalikitsa paipi poganiza kuti besi ndiye mphamvu.

Kudula ndi kusema

1. Dulani thupi la 30 cm ndi jekete ya 4 cm. Kotsalako sungani, jekete yoyamba nthawi zambiri imalakwika. Palani mmphepete monse ndi sandipepa, tizinyenyeswa ta PVC tikatsala timakalowa mkanjira.

2. Ng'ambani jekete mulitali mbali imodzi, mzere umodzi wowongoka. Ikang'ambika imatha kutanuka nkuvala kunja kwa thupi molimba ngati chopanira. Ikakhala yolimba kwambiri iviikeni m'madzi otentha kamphindi. Chenjezo: osaiwamba pamoto, PVC ikapsa utsi wake ndi woipa m'mapapo komanso imapindika mosabwerera.

3. Kumapeto kumodzi kwa thupi jambulani mizere iwiri yoyenda mulitali, yotalikirana 12 mm, yotalika 38 mm. Dulani ndi sowo motsatira mizereyo, kenako lembani ndi mpeni kangapo kumapeto kwake nkuthyola kachidutswa kapakatiko. Mwatsala ndi mpata wonga chilembo cha U koma wamakona. Apa ambiri amathamanga, mizere nkupita mopotoka kotero kuti kukamwa nkopanikizika kutsogolo nkotambalala. Zikhale zofanana, kapena kukamwa kutambalaleko pang'ono ndi 1 mm, osati mosemphanitsa. Mpweya umafuna uzipanikizika pamene ukutuluka.

4. Wongolani makoma a mpatawo ndi tupa mpaka asalale. Pitani ndi chala, mukamva kukanda ndekuti simunamalize.

5. Tsopano mlomo, ndipo apa ndi pomwe muthere nthawi yambiri kuposa pena paliponse. Kumapeto kwa mpata kuja, palani ndi tupa kuchokera kunja kuti pakhale kotsetsereka kolowera ku zenera, kupendekeka kwake cha m'ma digiri 30, kutalika kwa kotsetserekako cha m'ma 4 mm pa paipi yokhuthala 2 mm, mukapitirirako pang'ono palibe vuto. Tupa iziyenda mbali imodzi, igone fulati, isamagwedezeke ngati bwato chifukwa mlomo utuluka wobulungira pakati, mbali zili zokhuthala. Mlomo wabwino ndi wowongoka kuchokera khoma ili kufika khoma linalo, wochita mtanda ndendende ndi kanjira. Ukapendekeka olo pang'ono mbali imodzi ya mpweya imafika msanga kuposa inzake ndipo mawu amatuluka osasa.

Musaunole mpaka kufika pa lezala. Mlomo wopyapyala kwambiri umabenthuka, umachita timano, ndipo umawonjezera kafwee ka mpweya m'mawu. Mukafika poti watsala pang'ono kuthwa, pindani sandipepa wa 400 pa kamtengo kafulati mudutsepo kawiri katatu pamwamba, kenako kamodzi kapena kawiri chapansi pake mkati mwa paipi. Kupala kwapansiko kumakweza nsonga ya mlomo pang'ono kuti isagone pa mulingo umodzi ndi pansi pa kanjira, muona kufunika kwake pa sitepe 9.

6. Dulani chitsekero chakutsogolo cha 30 mm. Nkhope yake yoyang'ana mmimba ikhale yodulidwa mowongoka, yosalala. Pamwamba pomwe padzadutse mpweya psipsitizani ndi 400 kenako pakani kandulo nkupukuta ndi kansalu, mtengo wosapaka umamwa chinyezi cha mkamwa nkutupa, ulusi wake nkudzuka. Chilowe mothina koma choti mutha kuchikankha ndi chala chachikulu. Chikakhala chokhwepa kulungani tepi yoyera, koma tepiyo isadutse pamwamba pa kanjira, iduleni pamenepo.

7. Chitsekero chakumbuyo chikhale 20 mm, chikulungeni chubu kapena tepi yoyera kuti chizilowa ngati pisitoni ya pampu. Kumbuyo kwake khomani kasikuluu koti muzikokera. Ichi chikamadontha mpweya iwalani za voliyumu.

8. Lowetsani chitsekero chakutsogolo mpaka chifanane ndi kukamwa kwa paipi, zenera litsala 8 mm kuchokera pa nkhope ya chitsekero kufika pa mlomo. Valikani jekete, mng'alu wake uyang'ane pansi, mphepete yake yakutsogolo ifanane ndi nkhope ya chitsekero. Kotsala kwa jekete kukamwa mudzadula pomaliza. Chakumbuyo chikankheni mpaka mimba ikhale 14 cm. Guluu asayandikire.

9. Musanauzire, suzumirani. Lozetsani chitoliro kowala, chotsani kaye chitsekero chakumbuyo, yang'anani kudzera mkanjira ngati mukuyang'ana pa bowo la kiyi. Mukuyenera kuona mlomo utadutsa chopingasa, pansi pake pali kamzere kopyapyala ka kuwala. Mukapanda kuona kuwala pansi ndekuti mpweya wonse ukuwulukira kunja, palaninso pansi pa mlomo pang'ono kapena tsitsani pamwamba pa chitsekero ndi sandipepa. Mukaona kuwala kokhakokha mlomo uli mmwamba, mpweya wonse ukulowa mmimba. Kumveka kumabwera chifukwa mpweya ukuvina, kulowa kutuluka, kulowa kutuluka, maulendo mazanamazana pa sekondi, nde ukagwera mbali imodzi kuvinako kumafooka.

Bwezerani chitsekero muuzire pang'ono ngati mukuziziritsa chinthu chotentha. Chikachita huuu olo chofooka, zili bho, ntchito yeniyeni ikuyamba pano.

Kutchuna mawu

10. Yambani ndi mawu, voliyumu pambuyo, chifukwa zenera loyenera limatengera mawu omwe mwasankha. Tsegulani apu yotchunira, uzirani mofanana, sunthani chitsekero chakumbuyo. Kukankhira mkati mimba imachepa mawu amapyapyala, kukokera kunja amakula.

Masamu ake ndi awa kwa amene amakonda: phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa 20°C, ndipo paipi yotseka mbali imodzi imalira pa 343 kugawa ndi kutalika kwake kanayi. Pa 14 cm masamuwa amapereka 612 Hz koma foni yanu ionetsa zotsikirapo, pansi pa 500, musadabwe, zenera ndi laling'ono poyerekeza ndi mimba nde limachititsa paipi kukhala ngati yaitali kuposa mmene ilili. Pa paipi imeneyi ndi zenera limeneli yembekezerani cha m'ma 600 Hz pa 10 cm, cha m'ma 470 pa 14 cm, cha m'ma 350 pa 20 cm. Manambalawa ndi oyambira chabe, khutu ndi foni ndi zomwe zigamule.

11. Sankhani kadzidzi amene mukumutsanzira, mverani kulira kwake kojambulidwa, ikani apu pafupi ndi sipika muone pomwe akugunda. Si akadzidzi onse amachita huu. Barn owl, uja wa nkhope yoyera ngati mtima, amangokuwa mokhadzula, chitolirochi sichingamukwanitse. Great horned owl wa ku America mawu ake ndi besi yozama, mimba italike. Barred owl ali pamwambako pang'ono, amalira kasanu ndi katatu kapena kasanu ndi kanayi motsatizana, komaliza nkutsetsereka pansi, ndipo ndi amene alenje a nkhukundembo zakutchire ku North America amamutsanzira mbandakucha kuti tambala wa nkhukundembo adzidzimuke ayankhe, adziwike pomwe wagona. Tawny owl wa ku Europe ali pamwamba kuposa awiriwa ndipo kumapeto amachita manzenene. Spotted eagle-owl wa mu Africa wamphongo amalira kawiri, huu huuu, kachiwiriko kotsikirapo.

Apa ndinene maganizo anga. Ngati chomwe mukufuna ndi kumveka patali musathamangire besi. Khutu la munthu limamva mofooka mawu a pansi, 300 Hz ndi 550 Hz zikatuluka ndi mphamvu yofanana ya 550 imamveka yamphamvu, komanso kazenera kakang'ono kamavutika kukankha mawu aakulu. Pakati pa 450 ndi 600 ndi pomwe paipi ya 32 mm imasangalala. Mukafunitsitsa besi yeniyeni gulani paipi ya 40 mm muyambirenso, zenera likulenso, osangotalikitsa yopyapyala.

Kusaka voliyumu

12. Tulukani panja, pa malo opanda makoma pafupi. Mnyumba makoma amabweza mawu nde chilichonse chimamveka champhamvu, ndi momwe ndinapusitsikira ine. Ikani foni pa mpando mamita 5 kuchokera pomwe mwaima, lembani pansi pomwe pali mapazi anu, nthawi zonse muziima pomwepo. Apu ya foni siyeza molondola ngati makina enieni koma imakuuzani ngati mwakwera kapena mwatsika, zomwe tikufuna nzomwezo. Mtunda usasinthe chifukwa panja mukawirikiza mtunda kawiri phokoso limatsika ndi 6 dB, ndekuti kusuntha masitepe awiri kutha kukunamizani kuti mwakonza chinthu pomwe mwangoyandikira.

13. Tsekani modontha monse musanakhudze china. Tsekani zenera ndi chala mwamphamvu nkuuzira. Mpweya ukuyenera kukana, masaya atupe. Mukamva kafwee penapake pakani thovu la sopo mmphepete mwa jekete ndi kuzungulira zitsekero zonse, pomwe patuluke timabaluni mpomwe pali wakuba. Kawirikawiri ndi pansi pa jekete mmbali mwa kanjira, kapena kumbuyo. Kabowo kochepa ngati nsonga ya singano kumbuyo kamadya mphamvu yambiri kuposa mmene mungaganizire. Mangani jekete ndi chubu, wonjezerani tepi pa chitsekero.

14. Tsopano kutalika kwa zenera, kuchokera potulukira mpweya kufika pa mlomo. Ichi ndiye chiwongolero chachikulu. Zenera lalifupi limalira msanga ndi mpweya wochepa, mawu oyera koma ofooka, ndipo mukauzira mwamphamvu limadumphira ku mawu opyapyala aja, pa paipi yotseka amakhala pafupifupi katatu kuposa oyamba, nchifukwa chake amamveka tswiii. Zenera lalitali limafuna mpweya wothamanga, ndipo likaupeza limabangula osadumpha. Nde bwezani chitsekero chakutsogolo ndi jekete pamodzi 1 mm, likhale 9 mm. Uzirani mwamphamvu, onani foni. Kenako 10. Kenako 11. Pena pake mupeza kuti mawu ayamba kudzaza mphepo, kuyamba kwake kukuchedwa, mukufunika kukankha ngati mukupopa baluni. Bwererani 1 mm kuchokera pamenepo, lembani mzere ndi pensulo.

Chenjezo: zenera likakula mawu amapyapyalako, nde kokeraninso chitsekero chakumbuyo pang'ono mubwerere pa nambala yanu ija. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasuntha jekete, kupala mlomo ndi kukoka chakumbuyo nthawi imodzi, zikakoma simudziwa chakometsa, zikaipa simudziwa pobwerera.

15. Yesaninso kusuntha jekete yokha, chitsekero chili pomwepo. Theka la milimita kutsogolo kapena kumbuyo limapotoza komwe mpweya ukuloza. Pali kamalo kena kamene mawu amangotseguka mwadzidzidzi, paipi nkuyamba kunjenjemera mzala, mukakapeza mudziwa nokha.

16. Kukhuthala kwa kanjira. Mmene tapangiramu, mpata wa kanjira ndi wofanana ndi kukhuthala kwa paipi, pafupifupi 2 mm, ndipo nthawi zambiri ndi waukulu. Mpweya umatha msanga, pofika kulira kwachisanu mutu ukuzungulira. Dulani kachidutswa ka khadi lapulasitiki kokwana mumpatamo, kapindeni pang'ono, kaikeni kumunsi kwa jekete ngati siling'i kuti mpata utsale pakati pa 1 mm ndi 1.5 mm. Mpweya womwewo tsopano ukutuluka mothamanga komanso mowongoka. Koma osapanikiza kupitirira apo, kanjira kochepera 1 mm kamapha voliyumu ndipo kamatsekeka ndi chinyezi pakangopita mphindi ziwiri.

17. Ngati zonsezi zatheka koma mukufunabe zambiri, tambalitsani. M'lifupi mwa kanjira ndi zenera ndi momwe muli mphamvu yotsala, mpweya wambiri ukugunda mlomo wautali. Palani makoma onse awiri mofanana kuchoka pa 12 mm kufika 14, mlomo nawo muutambalitse mpaka mmakona. Ichi ndachiika kumapeto dala chifukwa chopala sichibwerera, komanso chimadya mpweya. Pa 32 mm ine sindipitirira 15, kupitirira apo mlomo umakhala wokhota kwambiri motsatira paipi ndipo mapapo sakwanitsa.

18. Timakoma mmbali mwa zenera. Umbani phula kapena matani tizidutswa ta paipi mbali zonse ziwiri za zenera, totalika 4 mm kapena 5 mm. Opanga mapaipi a limba zikuluzikulu amachita zomwezi pa mapaipi a besi. Mawu a pansi amalimba, amatsikako pang'ono, ndipo kamphepo kodutsa chammbali sikazimitsa chitoliro.

Bowo la chala

19. Kadzidzi salira mawu amodzi ouma ngati hutala, amatsetsereka. Mukakhutira ndi pomwe pali chitsekero chakumbuyo, boolani bowo la 4 mm pambali pa thupi, 2 cm kuchokera pa chitsekerocho chamkati mwa mimba, pomwe chala chimafika chokha mukagwira. Bowo lotseka ndi mawu anu a pansi aja, lotsegula mawu amakwera. Yesani. Kusiyana kukachepa kulitsani kufika 6 mm, 8 mm ndi malire. Chotsani tinyenyeswa mkati mwa bowo. Kutsetsereka kwa kumapeto kumatheka pogubuduza chala pang'onopang'ono kutseka bowo uku mukuchepetsa mpweya, osati kuphwanyapo chala kamodzi.

Ambiri amaboola bowoli poyambirira, kenako posuntha chitsekero amapeza kuti bowo latsala kunja kwa mimba kapena lili pakatikati. Likalakwika limateni tepi muboole lina.

20. Pano nde mutha kumata. Lembani mizere pa zidutswa zonse, dulani paipi yotsala kumbuyo kusiya 2 cm, dulani kukamwa mopendeketsa chapansi kuti milomo izikhala bwino, salalitsani. Chitsekero chakutsogolo dontho limodzi la guluu pansi ndi lokwanira, guluu asafike mkanjira. Jekete ine sindimata, ndimangomanga chubu kuti ndizitha kuvula potsuka. Chakumbuyo chisiyeni chosuntha, sungunulani kandulo mudonthezere mozungulira kuti patsekeke. Chifukwa chake nchakuti liwiro la phokoso limasintha ndi 0.6 mita pa sekondi pa digiri iliyonse, usiku wozizira chitoliro chimatsika mawu pang'ono mpaka chitafunda mmanja.

Kauziridwe

Mpweya uchokere mmimba mwanu osati mmasaya. Tsegulani kukhosi ngati mukuyasamula, nenani huu mopanda mawu, chiyambi chikhale chofewa. Mukayamba ndi lilime ngati tu chimamveka chitoliro cha nyimbo, kadzidzi weniweni sayamba chonchi. Kudula pakati pa kulira ndi kulira kuchitike kukhosi. Manzenene a kumapeto amabwera mukagwedeza kumbuyo kwa lilime ngati mukuchukucha madzi pakhosi, poyamba mudzilavulira ndithu koma zimabwera.

Dzanja lisaphimbe zenera. Mawu akutulukira pamenepo, osati kumbuyo. Mukakuta dzanja pafupi nalo mawu amatsika ndi kufooka, nzabwino pofuna kumveka ngati kadzidzi ali kutali, koma pofuna mphamvu zala zikhale kumbuyo kwa mlomo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kumangirira fanulo kumbuyo. Ndaonapo zambiri zotere ndipo zimaoneka zaukatswiri, koma kumbuyoko nkotseka, palibe chikutulukako. Olo mutaiika pa zenera, funde limodzi la mawu a 470 Hz ndi lotalika 73 cm, kafanulo ka 10 cm sikangaliwongolere, mawu otere amangomwazikira mbali zonse. Chomwe chimathandiza ndi pomwe mwaima: pamalo okwera, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, usiku kapena mbandakucha kuli bata.

Kuuzira mwamphamvu chikakana. Chikadumphira ku tswiii vuto si inu, zenera ndi lalifupi, bwererani ku sitepe 14. Chikangochita fooo, zenera latalika kwambiri kapena mpweya ukuphonya mlomo, suzumiraninso mkanjira.

Chimayamba bwino kenako nkusasa pakapita mphindi zingapo. Ndi chinyezi, mpweya wofunda wa mkamwa ukakhudza pulasitiki yozizira umasanduka timadontho mkanjira. Tsekani zenera ndi chala muuzire kamodzi mwamphamvu, kapena yamwani. Kuti zisamabwerebwere sungunulani kadontho ka sopo wotsukira mbale m'madzi, donthezerani mkanjira, siyani ziume, madzi aziyenderera mmalo mounjikana. Kuchisunga mthumba la mkati musanachigwiritse ntchito kumathandizanso.

Kupalapala mlomo tsiku lililonse. Kupala kulikonse kumaubweza mmbuyo, zenera nkumakula osadziwa, mawa mukudabwa kuti mawu asintha. Ukabenthuka kwambiri dulani 4 cm yakutsogolo yonse muyambirenso, bola musanadule yotsala kumbuyo ija ya pa sitepe 20, nchifukwa chake tinayamba ndi paipi yaitali.

Chitsekero cha mtengo wauwisi. Lero chathina, sabata yamawa chauma chikugwedera, kapena chatupa chakankha kanjira. Mtengo ukhale wouma ndipo upakidwe phula.

Kuyesera mnyumba pafupi ndi makutu a ena, makamaka ana. Chitoliro chotchunidwa bwino chimapweteka mkhutu pafupi, nanunso mukamayesa nthawi yaitali muzipumira.

Kuliza mosalekeza. Kadzidzi amalira, nkukhala chete, nkumvetsera. Lizani kamodzi kapena kawiri mudikire mphindi zingapo, ambiri amayankhidwa koma samva chifukwa ali kalikiliki kuuzira. Ndipo kwa kadzidzi kulira kwanuko ndi mlendo walowa mdera lake, amasiya kusaka kapena kusiya mazira kubwera kudzakuthamangitsani, nde nyengo yoswa musachite pafupi ndi chisa, ndipo akayankha siyani pomwepo osabwereranso malo omwewo usiku uliwonse. Ena amamenya kumene: Eric Hosking, wojambula zithunzi za mbalame wa ku Britain, anataya diso mu 1937 atakhadzulidwa ndi tawny owl pafupi ndi chisa. Chipewa ndi magalasi si zamanyazi. Malo ena osungira nyama amaletsa kuitana nyama ndi zoliza zilizonse, funsani malamulo a pamalopo chitoliro chisanatuluke mthumba.